Mafunso ndi mayankho: Zotchinga magetsi zosakaniza za m'makapasita a voltage yokwera

Aliyense amene anatsegulapo fani ya kudenga, bokosi loyendetsera pampu ya pamjigo kapena inveta ya sola anakumanapo ndi kachitini kotchedwa kapasita. Amisiri ambiri a pa Kasungu boma, ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya amamudziwa monga chipangizo chimene chikatupa kapena kupsa chimangosinthidwa. Komatu moyo wonse wa kapasita uli pa kachikopa kopyapyala kamene kali m'kati mwake, ndipo ndi kachikopa kameneka kamene akatswiri a sayansi akuyesetsa kukakonza posakaniza pulasitiki ndi ufa wa miyala. Mafunso otsatirawa akulongosola za ntchito imeneyi ndi mmene ikutikhudzira kuno kwathu.

Kodi kapasita n'chiyani, ndipo mphamvu amaisunga pati?

Kapasita ndi timapepala tiwiri tachitsulo toyang'anizana, tolekanitsidwa ndi chinthu chosalola magetsi kudutsa. Chinthu chapakaticho akatswiri amachitcha dielectric, dzina limene linadziwika kudzera m'ntchito za Michael Faraday m'zaka za m'ma 1830, koma pano tizichitcha chotchinga. Mukalumikiza kapasita ku magetsi, pepala limodzi limadzaza ndi magetsi a mtundu umodzi, linalo a mtundu winawo, ndipo awiriwa amakokana mwamphamvu koma osakhudzana. Kukokana kumeneku kumakunga tizigawo ta m'chotchinga monga mmene mwana amakungira mphira ya legeni, ndipo mphamvu imakhala m'kukungikako mpaka njira itapezeka yoti ituluke. Mphamvu, tsono, sikhala m'chitsulo koma m'chotchinga.

Kapasita woyamba anali botolo lagalasi lokhala ndi madzi, limene Ewald von Kleist anayesa mu 1745, ndipo patangopita miyezi yochepa Pieter van Musschenbroek anachitanso chimodzimodzi mumzinda wa Leiden. Chotchinga chake chinali galasi la botololo.

Kodi chotchinga chabwino chimadziwika ndi chiyani?

Pali zinthu ziwiri zimene zimayezedwa, ndipo amene wazimvetsa ziwirizi wamvetsa nkhani yonse. Choyamba ndi kuchuluka kwa magetsi amene chotchinga chimalola kuti aunjikane pa timapepala tachitsulo tija poyerekeza ndi mpweya. Mpweya amaupatsa nambala 1. Pulasitiki ya polypropylene, yomwe ili m'makapasita ambiri a voltage yokwera masiku ano (voltage ndi kukankha kwa magetsi, koyezedwa m'mavolti), nambala yake ndi pafupifupi 2.2. Pulasitiki ina yotchedwa PVDF imafika pa 10 kapena kupitirira pang'ono, pamene barium titanate, chinthu chowotchedwa ngati mbiya chimene chinatulukiridwa m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nambala yake imafika m'masauzande.

Chachiwiri ndi kupirira, ndiko kuti voltage imene chotchinga chingalimbane nayo chisanabooke. Mpweya wouma umabooka pa mavolti pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse, ndipo mphaliwali imene timaiona nthawi ya dzinja ndi mpweya umene wabooka. Chikopa chabwino cha polypropylene chikamayesedwa chimapirira mavolti pafupifupi 600 pa maikiromita imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mbale wamba ya barium titanate kawirikawiri siifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a kupirira kumeneku, chifukwa m'kati mwake mumatsala timabowo ndi timing'alu tosaoneka ndi maso.

Ziwirizi sizilemera mofanana. Mukawirikiza kawiri nambala yoyamba ija, mphamvu yosungidwa imawirikiza kawiri. Koma mukawirikiza kawiri voltage imene chotchinga chikupirira, mphamvu imawirikiza kanayi, ndipo mukaiwirikiza katatu mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake pulasitiki ya nambala yaing'ono ngati 2.2 yakhala ikulamulira msika kwa zaka zambiri ngakhale pali miyala ya nambala zamasauzande.

Nanga mawu akuti chotchinga chosakaniza akutanthauza chiyani?

Akutanthauza chotchinga chopangidwa ndi zinthu ziwiri kapena zingapo zosiyana, zoikidwa pamodzi kuti chilichonse chibweretse ubwino wake, monga mmene simenti, mchenga ndi miyala zimapangira konkire. Ganizo lake ndi lakuti pulasitiki ibweretse kupirira ndi kufewa kolola kuti ikulungidwe, ndipo ufa wa barium titanate kapena wa zinthu zina zofanana nawo ubweretse nambala yaikulu.

Ganizoli si lachilendo kwenikweni. Makapasita akale a m'masiteshoni a magetsi ankakhala ndi pepala loviikidwa m'mafuta, ndipo pepala ndi mafuta ndi zinthu ziwiri zogwira ntchito limodzi. Chatsopano ndi kuchepa kwa tinthu tosakanizidwato, timene tsopano timayezedwa m'mananomita, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a maikiromita. Katswiri wa ku Britain T. J. Lewis analemba mu 1994 kuti tinthu tikachepa kufika pamenepa, malire a pakati pa kanthuko ndi pulasitiki yokazungulira ndi amene amayamba kulamulira khalidwe la chotchinga chonse, ndipo kafukufuku wambiri wa pambuyo pake watsata njira imeneyi.

Ngati ganizo lake ndi lomveka chotere, chikuvuta n'chiyani?

Chikuvuta n'chakuti magetsi sagawikana mofanana m'zinthu ziwiri za nambala zosiyana kwambiri. Kanthu ka barium titanate kakakhala m'kati mwa pulasitiki, kukankha kwa voltage kumachepa m'kanthuko n'kuunjikana mu pulasitiki yoyandikana nako, makamaka m'mipata yopapatiza ya pakati pa tinthu tiwiri toyandikana. Motero pulasitiki imasenza katundu woposa amene ikanasenza ikanakhala yokha, ndipo imabooka msanga. Wofufuza amapeza kuti nambala yakwera, nakondwa, koma akayeza kupirira amapeza kuti kwatsika, ndipo popeza kupirira ndi kumene kumalemera kwambiri, mphamvu yosungidwa ingathe kukhala yochepa kuposa poyamba.

Vuto lachiwiri amalidziwa bwino aliyense amene anaphikapo nsima. Ufa ukathiridwa mosasamala umapanga mibulu, ndipo m'kati mwa mbulu mumakhala ufa wouma umene madzi sanaufike. Tinthu ta mananomita timakonda kumatana chimodzimodzi, ndipo pulasitiki yosungunuka siilowa m'kati mwa mibuluyo, choncho mumatsala timatumba ta mpweya. Taona kale kuti mpweya umabooka pa voltage yochepa kwambiri. M'kathumba kotere mumayamba kuthetheka timoto ting'onoting'ono timene timadya pulasitiki pang'onopang'ono, n'kupanga tinjira tooneka ngati mizu ya mtengo, mpaka tsiku lina njirayo imafika tsidya lina ndipo kapasita amafa.

Palinso nkhani ya muyezo. Kuti nambala ikwere moonekera pamafunika ufa wambiri, nthawi zina kuyandikira theka la chotchinga chonse, ndipo chikopa chotere chimauma n'kumathetheka, osalola kukokedwa kuti chipyapyale. Ena anayesa kuthira tinthu todutsa magetsi, monga kaboni kapena zitsulo, ndipo nambala inakwera modabwitsa, koma magetsi anayamba kudontha ngati madzi a m'chidebe chothibuka, kotero kuti njira imeneyi siithandiza pa voltage yokwera.

Kodi akatswiri akuthana nazo bwanji zovuta zimenezi?

Njira imodzi ndi kuveka kanthu kalikonse chovala chopyapyala cha silica, cha alumina kapena cha mankhwala ogwirizana ndi pulasitiki, kuti tinthuto tisamatane komanso kuti kusiyana kwa nambala kusakhale kodzidzimutsa pamalire. Njira ina ndi kusintha maonekedwe a tinthuto. M'malo mwa timibulu tozungulira amagwiritsa ntchito timaulusi kapena timapepala tathyathyathya togonekedwa chopingasa, kuti kamoto kofuna kuboola chikopa kakumane ndi zipupa zambiri ndi kuyenda njira yokhotakhota. Pa ntchito imeneyi boron nitride wadziwika kwambiri, chifukwa salola magetsi kudutsa pamene kutentha amakutulutsa bwino. Mu 2015 gulu la Qing Wang la ku Pennsylvania State University linaonetsa kuti pulasitiki yosakanizidwa ndi timapepala ta boron nitride imagwirabe ntchito pa kutentha koposa madigiri 200.

Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru koposa ndi yoyala zinthu m'magawo, osati kuzivundulira pamodzi. Gawo lina limakhala la nambala yaikulu, lina lopirira kwambiri, ndipo kamoto kakadutsa gawo lofooka kamakaima pa gawo lolimba. Ku Case Western Reserve University anapanga zikopa za magawo ambirimbiri osinthanasinthana a mapulasitiki a polycarbonate ndi PVDF, zimene zinapirira voltage yoposa ya pulasitiki iliyonse payokha. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti siilimbana ndi chibadwa cha zinthu ziwirizo, koma imapatsa chilichonse malo oyenera ntchito yake.

Kodi kutentha kukulowa bwanji m'nkhaniyi?

Kapasita sabweza mphamvu yonse imene walandira. Kagawo kena kamasanduka kutentha m'kati mwa chotchinga. Polypropylene amataya pang'ono zedi, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene amakondedwera, pamene PVDF amataya kuwirikiza kambirimbiri ngakhale nambala yake ndi yokopa. Pa magetsi a ESCOM, amene amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, kapasita amadzaza ndi kukhuthula mosalekeza usana ndi usiku, kotero kutaya kochepa kumaunjikana. Pulasitiki siitulutsa kutentha msanga, choncho pakati pa mkulungo pamatentha kuposa kunja, ndipo chotchinga chikatentha chimayamba kudontheza magetsi ambiri, amene amawonjezera kutenthako. Zikafika apa kapasita amadziwotcha yekha.

Makapasita ambiri a polypropylene amalembedwa kuti asapyole madigiri 85, ena 105. Munthu angaganize kuti Kasungu safika pamenepo, ndipo n'zoona, koma taganizirani bokosi lachitsulo lotsekedwa lomwe lili pansi pa denga lamalata m'chigayo mwezi wa Okutobala, mota ikulira kuyambira m'mawa, gaga atatseka mabowo onse olowera mpweya. Amisiri amatsata lamulo lachidule lakuti madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa kapasita ndi pafupifupi theka. Kwa ife a kumadera otentha, phindu lalikulu la zotchinga zosakaniza lingakhale kupirira kutentha, osati kusunga mphamvu zambiri.

Kodi makapasita amenewa angadzalowe m'malo mwa mabatire a sola?

Ayi, ndipo wogulitsa aliyense wonena zimenezi muzimukayikira. Chikopa cha polypropylene chimasunga ma joule (muyezo wa mphamvu) osapitirira 2 pa kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse. Batire ya foni yamakono imasunga ma joule oposa 50,000. Kuti musunge mphamvu ya foni imodzi m'chikopa chotere mungafunike mulu woposa chigubu cha malita 20. Ngakhale zotchinga za m'malo ofufuzira zimene zimasunga kuwirikiza kakhumi sizingayandikire batire. N'chifukwa chake malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, amasunga magetsi m'mabatire a lithium.

Kapasita amapambana pa liwiro ndi pa kukhalitsa. Batire imasunga mphamvu m'mankhwala amene amafuna nthawi kuti asinthe, ndipo imatopa ikadzazidwa maulendo masauzande ochepa. Kapasita amakhuthula zonse m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo amachita zimenezi maulendo mamiliyoni.

Kodi ku Kasungu kuno zinthu zimenezi zikugwira ntchito pati?

Chitsanzo chomveka bwino ndi mpanda wamagetsi wa m'malire a nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, kumene mu 2022 kunasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Batire yodzazidwa ndi dzuwa payokha siingabweze njovu. Makina a mpanda amatenga magetsi a batireyo pang'onopang'ono n'kudzaza kapasita, kenaka amakhuthula mphamvu yonseyo kamodzi kudzera mu kathiransifoma, ndipo pawaya pamadutsa mavolti masauzande angapo kwa kanthawi kochepetsetsa, pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Kufupika kwa kanthawiko ndi kumene kumachititsa kuti nyama imve ululu koma osafa. Pa tsiku limodzi kapasita ameneyu amadzaza ndi kukhuthula maulendo oposa 50,000, ali kutchire, dzuwa likuswa mtengo, ndipo iye akafooka mpanda umasanduka waya wamba pamene kuseri kwake kuli minda ya chimanga ya anthu. Apa ndi pamene ubwino wa chotchinga umaleka kukhala nkhani ya m'mabuku.

M'zigayo ndi m'mafakitale, mota zikuluzikulu zimakoka magetsi ena amene sagaya chimanga koma amangopita ndi kubwerera m'mawaya, n'kumatenthetsa thiransifoma ndi kugwetsa voltage. Makapasita oikidwa pafupi ndi mota amasunga magetsi obwererabwererawo pomwepo. ESCOM ndi makampani ena a magetsi amachita zofananazo pa mawaya a mavolti 11,000 ndi 33,000, ndipo izi n'zofunika kwambiri kwa madera ngati athu amene ali kutali ndi Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kumene magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa. Mu inveta ya sola kapasita ndi amene amasalaza magetsi asanasandutsidwe kukhala a m'nyumba a mavolti 230. M'chipatala, makina odzidzimutsa mtima umene wasokonekera kagundidwe amadzaza kapasita n'kukhuthulira pachifuwa cha wodwala ma joule apakati pa 150 ndi 360.

N'chifukwa chiyani kapasita wa fani kapena wa pampu amafooka pang'onopang'ono m'malo mofa kamodzi?

Makapasita ambiri amakono alibe pepala lachitsulo lapadera. Chitsulo cha aluminiyamu kapena zinki chimapakidwa pa chikopacho mopyapyala kwambiri. Chikopa chikabooka pamalo amodzi, kamoto kamene kabuka pamenepo kamasungunula chitsulo chozungulira bowolo, ndipo malowo amadzipatula okha, kapasita n'kupitiriza ntchito. Bowo lililonse limachotsa kagawo kakang'ono, ndipo pakapita zaka kapasita wolembedwa mamaikirofaradi 2.5 (muyezo wa magetsi amene angasunge) amapezeka kuti watsika kwambiri, fani n'kumazungulira mwaulesi kapena kufuna kukankhidwa ndi ndodo. Chotchinga chosakaniza chilichonse chatsopano chiyenera kusunga luso lodzichiritsa limeneli, ndipo mapulasitiki ena opirira kutentha amalephera pomwepa chifukwa akapsa amasiya mwaye wodutsa magetsi.

Kodi makapasita akale okhala ndi mafuta ndi oopsa?

Ena ndi oopsa kwambiri. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, makapasita ndi mathiransifoma ambiri ankathiridwa mafuta a PCB, amene sayaka msanga koma ndi poizoni wosawola, wounjikana m'thupi la munthu ndi la nyama, ndipo amayambitsa khansa. Mu 1968 ku Japan anthu ambiri anadwala atadya mafuta ophikira amene anasakanikirana ndi PCB. Pangano la ku Stockholm la mu 2001, limene Malawi analivomereza, linaika 2025 kukhala chaka chosiyira kugwiritsa ntchito zipangizo zokhala ndi mafutawa ndi 2028 kukhala chaka chomalizira kuwawononga mosamala. Mukapeza chitini chakale chikudontha mafuta m'nyumba ya makina ya pa esiteti yakale ya fodya, musachiboole, musachiwotche, ndipo mafutawo asapakidwe pa matabwa kapena kuyandikira chakudya ndi chitsime. Dziwitsani ofesi yoona za chilengedwe ya pa boma.

Kodi kapasita angavulaze munthu magetsi atazimitsidwa kale?

Inde, ndipo wamkulu angaphe. Kuzimitsa switchi sikukhuthula kapasita. Amene ali mu maikirowevu amagwira ntchito pa mavolti pafupifupi 2,000, ndipo a mu inveta yaikulu amasunga mavolti mazana angapo kwa mphindi zingapo. Makapasita ambiri ali ndi resistor (kachipangizo kolola magetsi ochepa okha kudutsa) yowakhuthula pang'onopang'ono, koma resistor ingathe kufa popanda chizindikiro, choncho mmisiri ayenera kudikira nthawi yolembedwa pa chipangizocho, kuyeza ndi mita yoyenera voltage imeneyo, ndi kukhuthula kudzera mu resistor, osati pogunditsa sikuludiraiva.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachidziwa. Chotchinga chimene chakhala chokungika nthawi yaitali sichimasuka chonse kamodzi, kotero kapasita amene mwamukhuthula angathe kudzazanso yekha pang'ono pakapita nthawi. N'chifukwa chake makapasita a voltage yokwera amasungidwa ndi kutumizidwa miyendo yawo iwiri italumikizidwa ndi waya. Achinyamata athu amene amakonda kusula zinthu kuchokera ku zotayidwa, motsanzira William Kamkwamba wa ku Wimbe amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali mnyamata, ayenera kuuzidwa zimenezi asanatsegule wailesi yakanema yakale kapena maikirowevu. Luso lawo ndi chuma chathu, ndipo sitiyenera kuliluza chifukwa cha chenjezo limene wamkulu anaiwala kupereka.

Kodi miyala ya m'nthaka ya Malawi ili ndi gawo pa ntchito imeneyi?

Ili nalo, ngakhale njira yake ndi yaitali. Barium titanate amapangidwa powotcha pamodzi barium carbonate ndi titanium dioxide, ndipo rutile amene wapezeka wochuluka ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi titanium dioxide wachilengedwe. Ku Kanyika m'boma la Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu, kuli niobium ndi tantalum. Tantalum amagwiritsidwa ntchito m'makapasita ang'onoang'ono a m'mafoni ndi m'makompyuta, ndipo niobium ali m'gulu la zinthu zimene zikufufuzidwa pofuna zotchinga zopanda mtovu. Koma mchenga wa mumgodi ndi ufa wa mananomita woyeretsedwa bwino ndi zinthu zotalikirana mtengo kwambiri, ndipo phindu lalikulu limatsala kwa woyeretsa ndi wopanga. Ndikanakonda kuona ophunzira a ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuzu University akuphunzira mozama za gawo limeneli, chifukwa dziko losadziwa chimene mwala wake umakasanduka silingathe kutsutsana bwino pa mtengo.

Kodi makapasita a zotchinga zatsopanozi akupezeka kale m'masitolo, ndipo pogula ndiyang'ane chiyani?

Ambiri mwa amene mungagule lero, kaya pa Kasungu kaya ku Lilongwe, akadali a polypropylene, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Wofufuza amayesa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, pamene fakitale imatulutsa mkulungo wa makilomita ambiri wa chikopa chopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kapasita yense amafera pa malo amodzi ofooketsetsa. Chikopa chikakula, mwayi wopezekamo mbulu umodzi kapena kachitsotso kamodzi umakulanso. Akatswiri amawerengera zimenezi ndi masamu a Waloddi Weibull wa ku Sweden, ndipo zotchinga zambiri zimene zinaoneka zodabwitsa pa kachidutswa zimagwa pa mayeso amenewa, kapena zimapezeka zodula kwambiri.

Pogula, yambani ndi kuchuluka kwa mamaikirofaradi, kumene kuyenera kufanana ndi kwa kapasita amene mukuchotsa. Voltage yolembedwa ikhale yofanana kapena yoposa, osati yocheperapo, ndipo onetsetsani ngati yalembedwa kuti ndi ya AC (magetsi osinthasintha mbali, ngati a ESCOM) kapena ya DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire), chifukwa ziwirizi sizilowana. Musasokoneze kapasita woyambitsira mota, amene amagwira ntchito masekondi ochepa okha, ndi kapasita wokhala pa mzere nthawi yonse imene mota ikuyenda. Woyambayo akaikidwa pa malo a wachiwiri amatentha n'kuphulika. Werenganinso madigiri olembedwa pa chitini, ndipo ngati bokosi lili pamalo otentha sankhani wa madigiri okwera. Pomanga, muikeni kutali ndi thupi la mota ndi ku mbali ya bokosi yosawombedwa ndi dzuwa, ndipo m'chigayo muzipukuta gaga pa mabowo a mpweya sabata iliyonse.